Eldrid Adzutsa Tofiira ta M'botolo

Eldrid anali mwana wodana ndi tulo. Akaona Ababa agona, ankawadzutsa. Akaona mchimwene wake Sindre wagona, ankamudzutsa. Ngakhale mphaka, ankamukoka mchira kuti adzuke. Mwana ameneyu ayi ndithu, anali wotopetsa!

Inali nyengo ya mdima pachilumba chathu cha Senja, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Dzuwa linali litapita. M'mawa mdima. Masana mdima. Nyumba iliyonse inali ndi nyale pawindo.

Tsiku lina Amayi anabwera kuchokera kunyanja. Iwo amagwira ntchito m'sitima yofufuza za m'madzi. Anabwera ndi botolo lalikulu. Botololo linali lokulunga ndi nsalu yakuda.

"Muli chiyani m'menemo, Amayi?" anafunsa Eldrid.

"Muli tizilombo totchedwa raudåte. Tatitenga pansi penipeni pa nyanja," anatero Amayi. "Ndikuuzani zonse ndikadzuka. Musakhudze, mwamva?"

Amayi anakaika botolo m'kanyumba ka maukonde. Kenako anakagona, poti anali atatopa.

Eldrid ankatidziwa tizilombo timeneti. Ndi tating'ono kuposa njere ya mpunga. M'nyengo ya dzuwa timadzaza nyanja, madzi n'kufiira psuu. Timadumpha, timadumphanso. Eldrid ankatitchula kuti Tofiira.

Kodi Eldrid akanapirira? Kutalitali!

Anatenga tochi. Analowa m'kanyumba ka maukonde. Munali mozizira, munali mdima bii. Anavundukula nsalu ija.

"Mayo ine!" anakuwa Eldrid.

Tofiira sitinali kudumpha. Sitinali kusambira. Tinangoti lende m'madzi, mitu pansi. Tonse zii.

Sindre anasuzumira pakhomo. "Tafa timeneto," anatero. "Kataye, iwe kamfiti kodzutsa anthu."

"Sitinafe! Tazizidwa basi," anatero Eldrid. "Ndani angakhale mumdima wopanda nyale?"

Eldrid anakumbatira botolo. Linali lolemera. Anayenda nalo pang'onopang'ono mpaka m'nyumba. Analiika pawindo, pansi pa nyale. Chitofu cha nkhuni chinali pafupi, chikuyaka.

"Nayi nyale yanu," anatero Eldrid. "Nawu moto wanu. Dzukani!"

Anagogoda botolo. Go! Go! Go!

Kamodzi kanagwedeza tinyanga. Kena kanadumpha. Kenanso kanadumpha. Posachedwa botolo lonse linali piringupiringu.

Sindre anangoti kukamwa yasa.

Eldrid anathamangira kuchipinda. "Amayi, dzukani! Ndatidzutsa! Tonse ndatidzutsa!"

Amayi anatuluka akutikita maso. Anaona botolo. Anaona nyale. Anaona chitofu. Tulo tonse tinabalalika.

"Kalanga ine!" anafuula Amayi. "Mwanawe, wachita chiyani?"

Eldrid anadzidzimuka. 

"Tinazizidwatu, Amayi," anatero motsitsa mawu.

"Sitinazizidwe, mwanangu. Tinagona."

"Kugona? Masana ano?"

"Timagona nyengo yonse ya mdima," anatero Amayi. "Dzuwa likapita, timatsikira pansi pa nyanja. Kumeneko n'kozizira. Kumeneko kuli mdima. Timagona mpaka dzuwa litabwerera."

"Miyezi yonseyo? Osadya?" Eldrid maso anali tong'o.

Amayi anamupatsa galasi lokulitsa zinthu. "Taona m'mimba mwa kameneka."

Eldrid anayang'ana. Anaona kadontho konyezimira.

"Amenewo ndi mafuta," anatero Amayi. "Ndiye kamba wake. Kakagona, mafuta amatha pang'onopang'ono. Kakamadumpha chonchi, mafuta amatha msanga."

"Ndikapatse buledi!" anatero Eldrid.

"Timeneti sitidya buledi. Timadya ndere za m'nyanja. Ndere sizimera popanda dzuwa."

Eldrid anayang'ana kunja. Kunali mdima. Anayang'ana botolo. Tofiira tinali kudumphabe.

"Nanga mafuta akatha dzuwa lisanabwere?"

Amayi anamugwira paphewa. "Tizilomboti tidzafa ndi njala," anatero.

Eldrid anagwira pakamwa. Misozi inatsika mbwembwembwe. Anachita mantha kwambiri. Iye ankafuna kuthandiza, si kupha ayi.

"Zolira pambuyo," anatero Amayi. "Sindre, thimitsa nyale! Eldrid, tenga nsalu!"

Anathamanga nalo botolo lija. Anakaliika m'kanyumba ka maukonde. Analifunditsa nsalu yakuda. Anatseka chitseko.

"Tsopano titani?" anafunsa Eldrid.

"Palibe," anatero Amayi. "Osagogoda. Osawalitsa. Osasuzumira."

Ha! Kwa Eldrid imeneyi inali ntchito yaikulu.

Mawa lake, Amayi analowa okha ndi katochi kofiira. Anatuluka mwakachetechete.

"Tonse tangoti lende," anatero.

"Tagona kapena tafa?" anafunsa Eldrid.

"Sindikudziwa, mwanangu. Tidzaona dzuwa likabwera."

Ababa anamusisita mutu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Eldrid anayamba kulondera pakhomo paja. Sindre akabwera akuimba mluzu, Eldrid ankati, "Shii!" Mphaka akalira, Eldrid ankati, "Shii!" Ababa akafuna chingwe, Eldrid ankati, "Lowani chonyang'ama. Tochi siyani panja!"

"Ii, kanyumba kanga komwe?" ankatero Ababa. Koma tochi ankaisiya.

Masiku anapita. Mdima unayamba kuchepa. Tsiku lina dzuwa linasuzumira pamwamba pa phiri. Mudzi wonse unatuluka panja. Amayi anaphika mabanzi a dzuwa, achikasu pakati.

Eldrid banzi lake sanalilume n'komwe. "Tsopano, Amayi?"

"Osati lero. Dikira madzi asinthe."

Eldrid anadikira. Tsiku lililonse ankapita padoko. Madzi anali oyera mbee. Mawa lake, oyerabe. Kenako m'mawa wina madzi anaoneka obiriwira.

"Ndere zamera!" anakuwa Eldrid. "Amayi! Ababa! Ndere!"

Onse anapita kukanyumba kaja. Amayi ananyamula botolo mpaka padoko. Eldrid anachotsa nsalu. 

Tofiira tinali lende. Tonse zii.

Eldrid anakweza chala kuti agogode. Anaima. Anabweza chalacho m'thumba.

Dzuwa linawala pabotolo. 

Kamodzi kanagwedeza tinyanga.

"Aa!" anatero Sindre.

Kena kanadumpha. Kenanso. Kenanso!

"Tili moyo!" anakuwa Eldrid. "Amayi, tili moyo!"

Anayang'ana ndi galasi lija. Kadontho ka mafuta kanali katatsala kang'onong'ono. Pang'ono pokha kakanatheratu.

Eldrid anagwada. Anapendeka botolo. Tofiira tinalowa m'nyanja, m'madzi obiriwira.

"Kadyeni," anatero Eldrid. "Pepani ndinakudzutsani."

Nyengo ya dzuwa itafika, nyanja inafiira psuu.

"Tofiira tija tinaikira mazira," anatero Amayi. "Awa ndi ana."

Nsomba zotchedwa sild zinabwera kudzadya Tofiira. Ababa anaponya maukonde mpaka manja kuwawa. Anabwera kunyumba ali wefuwefu. Anagwera pampando wautali, n'kugona pomwepo. Dzuwa linkawawomba kumaso.

Eldrid analowa. Anaona Ababa agona. Anayamba kusendera.

"Wayambapo uja," ananong'ona Sindre.

Amayi anakweza dzanja kuti amuletse.

Koma Eldrid anadutsa Ababa. Anakwera pampando wina. Anatchinga windo ndi nsalu yakuda ija.

Amayi kukamwa yasa. Sindre anagwetsa sipuni pansi. Ngwee!

Eldrid anacheuka, chala pakamwa.

"Shii, iwe Sindre!" ananong'ona. "Ukuwathera mafuta Ababa."