Masiku Atatu Firiji Ili Chete

Kunyumba kwa bambo wina wokonza zamagetsi kunalibe chuma choti munthu n'kuchitira nsanje, koma kunali mtendere. Bambo ankalawirira kuntchito ndi chikwama cha mawaya, mayi ankatsala pakhonde akupalasa makina osokera, ndipo madzulo ankakhala pansi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo n'kupemphera asanadye.

Mwanayo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lake lenileni linkangomveka kusukulu basi. Pakhomo aliyense ankamutchula Mafunso. Ali wamng'ono anamasulapo wailesi pofuna kuona anthu olankhula m'katimo. Atakula sanasinthe. Kumuuza kuti chinthu chimatere, iye ankafuna adziwe kuti chimatero chifukwa chiyani, ndipo ukachitembenuza chimatani.

Tsiku lina bambo anabwera ndi kachipangizo kokhala ngati foni yaing'ono. Analumikiza waya wake pabokosi lolowera magetsi, n'kukapachika pakhoma la pabalaza. Pagalasi pake panayaka manambala.

"Aka ndi kamita kowerenga magetsi amene tikudya," anatero bambo. "Tayatsa ketulo uone."

Mafunso anayatsa. Manambala anadumpha kuchoka pa makumi asanu ndi anayi kufika pafupifupi zikwi ziwiri. Anazimitsa, anatsika. Anayatsa simbi, anakweranso. Mtsikana anaiwala ndi chakudya chomwe. Pomatha sabata ankadziwa nambala ya babu lililonse, ya fani, ya wailesi, ya tchaja ya foni. Ankatha kukhala pampando maso ali pakhoma n'kukuwa kuti, "Amayi, mwasiya nyali ya kubafa!" Mayi ankangoseka n'kunena kuti m'nyumba mwalowa wapolisi.

Kamitako kanali ndi mabatani awiri. Loyamba linkaonetsa mayunitsi onse a tsikulo, ndipo nambala yomweyo inkafikanso pafoni ya bambo. Bambo ankadina limeneli madzulo aliwonse. Ikakhala pa anayi, ankagwedeza mutu mokhutira, ikapitirira, ankafunsa. Batani lachiwiri bambo analibe nalo ntchito, koma Mafunso ankalikonda kwambiri. Linkajambula mzere wa tsiku lonse, ola ndi ola. Ketulo inkaoneka ngati mtengo wautali woima wokha. Ndipo m'munsi monse, usana ndi usiku, munkayenda timano ting'onoting'ono tofanana.

"Bambo, timano iti ndi chiyani?"

"Ndi firiji. Imayaka, n'kupuma, n'kuyakanso." Bambo anamugwira dzanja n'kupita naye kukhitchini, pamene panali kafiriji kakang'ono pansi pa windo. Anatsegula n'kuloza timabotolo ta mankhwala a shuga amene mayi ankadzibaya m'mawa ndi madzulo. "Tamvera, mwana wanga. Chilichonse m'nyumba muno ukhoza kuyatsa ndi kuzimitsa mmene ungafunire, uphunzire. Koma pulagi iyi usadzaikhudze. Mankhwala awa akatenthedwa amafa, ngakhale maso ako aziona ngati ali bwino. Moyo wa amayi ako uli umu."

"Ndamva, bambo," anatero Mafunso, ndipo anamvadi.

Tsidya lina la msewu kunkakhala mkazi woluka tsitsi amene anthu ankamutchula Zikhadabo, chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka utoto. Anali wokoma pakamwa, wa mtundu uja woti akakuyamikira umayamba kudziona wamtali. Sukulu zitatsekera, Mafunso ankapita kukacheza kumeneko, ndipo monga mwa khalidwe lake anayamba kudzitama ndi za kamita.

Zikhadabo anasiya kuluka. "Ndiye kwanu masoketi ndi amphamvu, eti? Ine ndili ndi chowumitsira tsitsi chatsopano, koma eni nyumba akangochimva kulira amabwera ndi mwano. Bwanji ndizidzaumitsira kwanu amayi ako akachoka? Tsitsi lako ndizikukonza ulere."

"Iii, asisi, sizingatheke. Bambo amaona nambala tsiku lililonse."

"Nambala?" Zikhadabo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe ndi nzeru zonse zijazi ukuopa kabokosi ka pakhoma? Ndimayesa umakadziwa. Kani ndi iko kamene kamakudziwa iweyo."

Mawu amenewo anamulowa Mafunso ngati minga. Kunena zoona, sikuti tsitsi ndi limene linamukopa kwenikweni. Chinamukopa ndi funso: kodi kamita kangapusitsidwe? Anafika kunyumba n'kutenga pensulo. Chowumitsira chija chinkadya yunitsi imodzi pa mphindi makumi anayi. Kuti nambala ya madzulo isasinthe, pankafunika kuchotsa kwina zimene waonjeza kuno. Mababu masana amakhala ozima kale. Wailesi imadya zochepa zoti sungabise nazo kanthu. Chinthu chokhacho chimene chinkayaka tsiku lonse, n'kumadya yunitsi yathunthu, chinali chomwe chija anauzidwa kuti asachikhudze.

"Maola ochepa okha," anadziuza. "Firiji ikakhala yotseka imasunga kuzizira. Ndingoona ngati masamu anga ali olondola."

Lachisanu mayi anapita kutauni kukapereka zovala ndi kugula nsalu. Atangokhota pamsewu, Mafunso anagwada kuseri kwa firiji n'kuzula pulagi. Khitchini inangoti zii. Zikhadabo anabwera ndi kasitomala mmodzi, chowumitsira chinalira mphindi khumi, n'kuchoka. Patatha maola asanu ndi limodzi Mafunso anabwezera pulagi.

Madzulo bambo anadina batani. "Anayi," anatero, n'kupita kukasamba m'manja.

Mtima wa Mafunso unkagunda, koma osati ndi mantha okha. Anali wokondwa. Anapambana kabokosi, anapambananso bambo ake, ndipo palibe amene anadziwa. Tchimo likamayamba limakoma choncho, ndipo ana anzeru limawakomera kuposa onse.

Anabwereza Lachiwiri, anabwerezanso Lachisanu. Mayi anali ndi maso. Tsiku lina anamuyang'ana kumutu nthawi yaitali.

"Tsitsi ili wakukonza ndani?"

"Asisi a patsidya."

"Ulere? Mkazi uja sapatsa munthu kanthu popanda chimene akufuna. Akufuna chiyani kwa iwe?"

"Palibe, amayi. Amangondikonda."

Mayi anamwa madzi a m'firiji n'kukwinya nkhope. "Nanga madziwa bwanji sanazizire?"

"Mwina sindinatseke bwino chitseko."

"Uzisamala, mwana iwe. Ukudziwa zimene zili mmenemo."

Pasanathe sabata kunabwera uthenga woti mlongo wawo wa bambo wadwala kwambiri kutauni ina. Makolo anakonzeka kupita masiku atatu. Mayi anatenga kabotolo kamodzi m'kachikwama kozizira, tina tinayi n'kutisiya m'firiji. Anapempha mayi wina woyandikana nawo kuti azidzagona ndi mtsikanayo.

"Utsala wekha, ndiye isapitirire atatu patsiku," anatero bambo akutuluka. "Ndiziona pafoni."

Galimoto isanafike n'komwe patali, Zikhadabo anali pakhomo. "Mng'ono wanga, mwayi ndi umenewu. Ndili ndi atsikana asanu ndi awiri operekeza ukwati, ndi ena a mawa. Za mphindi khumi zija tiiwale."

"Ndiye firiji iyenera kuzima tsiku lonse, asisi."

"Nanga vuto n'chiyani? Muli nyama mmenemo?"

"Muli mankhwala a amayi."

"Mankhwala amawola ngati tomato? Makolo amakonda kuopseza. Iwe wakhala ukuzimitsa kangati, amayi ako afa?"

Mafunso anazula pulagi. Anasiya fani, anasiya wailesi, tiyi ankamwa wa kwa Zikhadabo. Pabalaza panasanduka saluni, atsikana akuseka ndi kumutama kuti ndi injiniya. Madzulo oyamba anaganiza zoyatsa firiji, koma ataona nambala ili pa atatu ndendende anaisiya. Inali nyengo yotentha, ndipo masana dzuwa linkalowa pawindo la kukhitchini n'kuwomba pa firiji penipeni, malata akuthetheka pamwamba.

Tsiku lachiwiri bambo anaimba foni. "Ndaona nambala, mwana wanga. Ukusamala nyumba ngati munthu wamkulu. Amayi ako akunyadira."

"Zikomo, bambo," anayankha.

Tsiku lachitatu, kutatsala ola limodzi kuti makolo afike, anasesa tsitsi lonse pabalaza n'kupita kukabwezera pulagi. Atatsegula firiji anakumana ndi mpweya wofunda ngati wa m'kabati. Anatenga kabotolo kamodzi. Kanali kofunda m'manja. Anakayang'ana poyera, mankhwala ankaoneka ngati akale omwe, kupatula timadontho toyera tomata m'mbali. Kodi akadali amoyo? Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Mafunso anali ndi funso ndipo sanalifunse kwa munthu aliyense.

M'mawa mwake mayi anatsegula kabotolo katsopano. Anakatembenuza, n'kukayandikiza kumaso.

"Mafunso, magetsi anathimapo ife kulibe?"

"Ayi, amayi."

"Firiji sinazimepo?"

Apa ndiye panali pothawira. Akanangonena mawu awiri, mayi akanataya timabotolo, akanakalipa, n'kupita kuchipatala kukatenga tina. Zikanathera pa manyazi basi. Koma Mafunso anakumbukira mawu a bambo a pafoni aja, n'kuona kuti sangapirire nkhope yawo.

"Sinazimepo, amayi."

Mayi anakhulupirira mwana wawo, n'kudzibaya.

Tsiku lotsatira ankamwa madzi osakhuta. Linalo ankangodzuka pamakina kupita kuchimbudzi. Anayeza shuga n'kupeza wakwera. Anati mwina ndi kutopa kwa ulendo, n'kuonjezera mankhwala omwewo. Mafunso ankaona zonsezi. Iye amene ankadziwa kuwerenga manambala a pakhoma ankawerenganso nkhope ya amayi ake, ndipo ankadziwa chimene ikunena. Anathamangira patsidya.

"Asisi, amayi sakupeza bwino. Ndikuganiza kuti ndi mankhwala aja."

Zikhadabo sanadzutse n'komwe mutu. "Ine ndinakhudza firiji yanu? Ndinalowako kukhitchini kwanu? Usandilowetse m'nkhani za kwanu, mwana iwe. Tseka chitseko potuluka."

Anabwerera akulira, koma pakamwa sanatsegule. Ankangodziuza kuti anena mawa.

Tsiku lachisanu masana, makina osokera anasiya kulira pakati pa msoko. Mafunso atatuluka anapeza mayi atagwa pansi, asanza, akupuma mofulumira, maso osaona munthu. Anakuwa mpaka anthu anasonkhana.

Kuchipatala dokotala anafunsa bambo ngati mayi analeka kudzibaya.

"Sanadumphepo ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye mankhwalawo ndi amene sakugwira ntchito. Mumasunga pati? Kabweretseni ndiwaone."

Bambo ndi mwana anabwerera kunyumba. Bambo anatenga timabotolo, anagwira firiji n'kupeza ikuzizira bwinobwino. Anaima kaye akuganiza. Kenako anapita pabalaza n'kudina batani lachiwiri lija, limene sankalidina. Anabwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, mpaka anaima.

"Mafunso, tabwera. Iwe umawerenga izi kuposa ine. Ndiwerengere."

Mtsikana anayang'ana. Pagalasi panali mitengo italiitali ya chowumitsira tsitsi, yoima mondondozana. M'munsi mwake munali mzere wosalala, wopanda dzino ngakhale limodzi. Bambo anadina tsiku lina, chimodzimodzi. Linanso, chimodzimodzi.

"Timano tija tili kuti?" anafunsa bambo, mawu ali pansipansi.

Mafunso anagwada pomwepo n'kunena zonse: za pensulo, za Lachisanu loyamba, za atsikana a ukwati, za kabotolo kofunda, ndi za funso la amayi. Bambo sanamumenye, sanakuwenso. Misozi inkangoyenda pankhope pawo.

"Ndinakuimbira foni kukuyamikira," anatero. "Ndinauza anthu kuti ndili ndi mwana wokhulupirika. Dzuka. Zimene wandiuzazi ukauze dokotala ndi pakamwa pako."

Mayi anakhala masiku atatu osazindikira kanthu. Mafunso anapemphera mmene sanapempherepo, osatinso ndi mawu oloweza. Mulungu anachita chifundo: tsiku lachinayi mayi anatsegula maso. Koma anatuluka m'chipatala patatha milungu iwiri ali munthu wina, wowonda, maso akuona mwachimbuuzi, dzanja lamanja likunjenjemera. Makasitomala anatenga nsalu zawo n'kupita kwa atelala ena. Zikhadabo anapeza nyumba ina yokaumitsira tsitsi, ndipo akakumana ndi Mafunso pamsewu ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina mayi anakhalanso pamakina kuti ayese. Analimbana ndi ulusi kwa nthawi yaitali, osalowa pasingano. Mafunso anagwada pambali n'kuwalowetsera.

"Amayi, mundikhululukire."

"Ndinakukhululukira ndili pabedi la kuchipatala," anatero mayi. "Za pulagi sizindiwawa kwambiri, unali mwana wopusitsidwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinakufunsa. Ndinagwira kabotolo m'manja, ndinakuyang'ana m'maso, ndinakufunsa kawiri."



Inu achinyamata anzeru, chenjerani. Kufuna kudziwa si tchimo, koma nzeru zikayamba kufufuza njira yopusitsira amene amakukhulupirirani, dziwani kuti mwayamba kuba, ngakhale mukuba m'nyumba mwanu momwe. Mukhoza kukonza nambala kuti ioneke yabwino, koma zimene munachita zimakhala zitalembedwa, ndipo Mulungu sayang'ana batani limodzi lokha. Ndipo mukalakwa, nenani msanga, pamene choonadi chikadathabe kupulumutsa munthu.

Bambo sanachotse kamita pakhoma, ndipo sanaletse mwana wawo kukakhudza. Koma masiku ano, madzulo akadina batani loyamba, amadinanso lachiwiri, Mafunso ali pomwepo akuona.