Sinditsika pa Lole

Madzi osefukira atathyola paipi yaikulu, mipopi yonse ya m'tauni inauma masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachisanu, kapitawo wa kampani ya madzi anamata pepala pachitseko: akazi onse akhale kaye kunyumba mpaka zinthu zikhale bwino, kumtsinje kupite amuna okha.

Aliyense ankadziwa kutalika kwa "kaye" wa kapitawo. Chaka chathacho akazi awiri anatumizidwa kunyumba chonchi, osaitanidwanso.

Mayi wina wamfupi, yemwe anzake ankamutcha Sipanala chifukwa sankasiyana nayo ngakhale pakudya, anawerenga pepalalo kawiri. Zaka zisanu ndi zinayi akulumikiza mapaipi, lero wasanduka dzira loti lingasweke? Zinamupweteka mtima kwambiri. Anavala ovololo ndi majombo, n'kukwera lole, kukakhala pabokosi la zida pakati pa amuna.

"Mayi, tsikani," anatero kapitawo. "Uko kuli matope ofika m'chiuno. Tikukutetezani."

"Zikomo, bwana, koma chiuno ndili nacho. Matopewo apeza pofika."

"Muli ndi ana, mayi."

"Inu muli nawo asanu, wakutsitsani ndani? Anga akumwa madzi a m'chithaphwi, pomwe paipi imeneyo ndinaiyala ndine. Sinditsika. Ngati mukufuna, ndinyamuleni."

Kapitawo anayang'ana amuna aja kuti wina amuthandize. Aliyense anapeza chochita, wina kukanda bondo, wina kuyang'ana mitambo. Kunena zoona, ena pepalalo linkawasangalatsa, koma lilime la Sipanala ankaliopa.

"Chabwino, pitani," anatero kapitawo. "Pobwera mupeza kalata yokuchotsani ntchito."

Sipanala sanasunthe pabokosipo.

Kenaka mayi wowotcherera zitsulo, yemwe anali atanyamula kale chikwama kuti azipita kwawo, anachiponya palole n'kukwera. Mayi wosunga zida anakhoma sitolo yake, naye n'kukwera.

"Mulembe makalata atatu, bwana," anatero wowotcherera uja.

Adalaivala, bambo a imvi osakonda zoyankhulayankhula, anazimitsa injini, n'kutsika.

"Akhale anayi," anatero. "Mwana wanga wamkazi akuphunzira ntchito yomweyi. Ndikakhala chete lero, mawa adzamutsitsa iyeyo."

Foni ya kapitawo inalira. Kunali kuchipatala: thanki yauma, anamwino alibe ngakhale madzi osamba m'manja. Anamvetsera thukuta lili kamukamu, maso ali pa lole yozima ija. Mwa amuna omwe anatsala nawo panalibe wodziwa kuwotcherera, panalibenso wodziwa pamene potsekera madzi panakwiririka.

Analowetsa foni m'thumba, nayandikira pang'onopang'ono.

"Za makalata tiiwale. Palibe amene akupita kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Tikayambira pati, mayi?"

Sipanala anasendera pang'ono, n'kumusiyira kamalo pabokosipo.

"Kwerani, bwana. Ndikuuzani tili m'njira."