Galimoto Idapita ndi Apongozi

Galimoto idabedwa Lachiwiri m'mawa, dzuwa litakwera kale, pakhomo penipeni pa sitolo ya mankhwala.

Mwini wake, mayi wa saluni yoyandikana ndi positi ofesi, adangolowa kuti akagule mapiritsi. Injini adaisiya ikulira kuti mpweya wozizira usazime, pakuti pa mpando wakumbuyo padagona apongozi ake aamuna, atafunda bulangete. Ankachokera nawo kuchipatala. Chiwagwereni sitiroko, bambowo miyendo idali yofooka, mutunso unkawasokonekera nthawi zina.

Potuluka, mayiyo adapeza pamalopo pali pululu, galimoto palibe. Adathamangira ku polisi ya kuseri kwa msika, nsapato zili m'manja.

"Galimotoyo atenge, bwana, ndilibe nayo ntchito," adatero akulira. "Koma muli munthu. Bambo a amuna anga. Ndikawauza chiyani kunyumba?"

Sajeni, mayi wamfupi wosakonda zambiri, adafunsa mtundu ndi nambala ya galimotoyo. Kenaka adati, "Pukutani misozi. Kwerani."

Wothira mafuta pa mphambano adawauza kuti galimotoyo idalowera cha ku bwalo la mpira. Mlonda wa pa laibulale adati adaiona ikukhota molowera ku paki, ikuyenda ngati dalaivala wake walawako.

Sadalawe ayi. Wakubayo, mkulu wina amene apolisi ankamudziwa ndi dzina loti Kanyimbi, adali atangodutsa maloboti pomwe adamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake.

"Iwe dalaivala," adatero bambo aja akudzuka, "ukuthamangira kuti? Wanyamula mbuzi muno?"

Kanyimbi adatsala pang'ono kugunda mtengo wa magetsi. Galimoto adali ataba zambiri, koma munthu adali asanabepo. Adaima pa paki kuti awasiye pa benchi.

"Tsikani, madala."

"Ndi miyendo ya ndani? Ndibereke."

Adawabereka. Bambowo adamukolowekera manja m'khosi, osafuna kugwa.

Pansi pa mitengo panali amayi ochita masewera olimbitsa thupi. Mmodzi adaomba m'manja.

"Koma ana abwino akadalipo! Tiyeni timuthandize."

Adamuzungulira. Mayi wina wonenepa adawayang'anitsitsa bambowo.

"Kodi si apongozi a mayi wa saluni awa? Nanga iwe ndiwe ndani wawo?"

"Mdzukulu," adayankha Kanyimbi.

"Mdzukulu wanga nkhope imeneyi?" adakalipa bambowo ali kumsana. "Ndi dalaivala uyu."

Kanyimbi adayesa kuthawa, koma ndi munthu m'khosi sadapite patali. Amayi awiri adawalandira bambowo n'kuwakhazika pa benchi. Enawo adamugwetsa Kanyimbi pa udzu n'kumukhalira. Apolisi pofika adamupeza akupempha mpweya.

Mayi wa saluni adagwada pamaso pa apongozi ake, akuwagwira manja, akuwagwira mapazi.

"Bambo, muli bwino? Sadakupwetekeni?"

"Ndili bwino, amayi. Mukulirira chiyani pa anthu?"

Apo m'pomwe mayiyo adaseka, misozi ikutsikabe. Adaimbira foni amuna ake n'kuwauza nkhani yonse, kuyambira kumapeto.

Khoti lidadzamulamula Kanyimbi kuti akakhale kundende zaka zisanu ndi chimodzi, pa mlandu woba galimoto ndi kutenga munthu mosaloledwa. Koma tsikulo, pomwe sajeni ankamumanga unyolo, bambowo adamukodola wapolisiyo ndi chala.

"Musamumenye, mwana wanga," adatero. "Kubereka amatha. Koma musadzamupatsenso chiwongolero."