Zitsulo Zopaka Penti

Nyumba ya a Gwanda ku Nsungwi inali ya mapemphero. Bambo Anock Gwanda anali telala pamsika ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo akazi awo, mayi Dorica, ankaimba kwaya ya amayi. M'chaka cha 1996 mwana wawo woyamba, Chisankho, analembedwa ntchito ku Kanengo pakampani ina yogulitsa zitsulo zomangira. Banja lonse linagwada pansi kuthokoza Mulungu.

Ntchito yake inali yomva madandaulo. Kasitomala akabwera ndi chitsulo chothyoka, Chisankho ankayenera kuchiona, kukauza abwana ndi kumusinthira katunduyo.

"Munthu akamadandaula uzimumvetsera mpaka amalize," bambo ake anamulangiza. "Wakutsina khutu ndi mnansi."

Pakampanipo panali mnyamata wina wotchena, dzina lake Godwin, amene ankasunga makiyi a nyumba ya katundu. Lachisanu lina ataweruka, Godwin anamutengera kubala.

"Aise, tamwa kamodzi kokha. Akulu a mpingo sakuona kuno."

Botolo lachitatu lili m'manja, Godwin anaulula nkhani yake. Mapaipi abwino ankawatulutsa mozemba n'kukagulitsa kwa anthu ake. M'malo mwake ankaikamo mapaipi akale odyedwa ndi dzimbiri, atawapaka penti yakuda.

"Iwe ntchito yako ndi yochepa," anatero Godwin. "Wodandaula aliyense azithera pa iwe, asafike kwa abwana. Tikatero tonse tizidya."

Chisankho anachita mantha, koma anaona nsapato za Godwin mmene zinkawalira. Anavomera.

Sipanapite nthawi, anagula wailesi yaikulu ndi jekete lachikopa, ndipo kutchalitchi anayamba kujomba. Mayi ake anamva fungo la mowa pamalaya ake pochapa.

"Chisankho, ntchito yomwe wayamba dzanadzanali ndi imene ikukugulira zonsezi?"

"Ndi ovataimu, amayi."

"Mwana wanga, ine ndinakubala. Maso akowa sakundiyang'ana. Chimene wayambacho usiye."

Iye anangotuluka, chitseko phwaa!

Koma mtendere analibe. Galimoto ikaima pageti, ankasuzumira pawindo poopa kuti ndi apolisi. Abwana akamuitana, ankaganiza kuti zaululika, chonsecho angofuna kumutuma. Odandaula nawo anachuluka, ndipo onse ankawabweza ndi mawu okoma.

Tsiku lina kunabwera a Masiye, bambo wachikulire wowotcherera zitsulo ku Kawale. Anaika chidutswa cha paipi patebulo.

"Achimwene, taonani m'katimu. Dzimbiri lokhalokha. Ndikati ndiwotcherere, chikungobooka ngati pepala."

"Vuto ndi makina anu, madala. Mukuwonjeza moto."

"Ine ndakalambira ntchito imeneyi. Mapaipi awa ndi a nsanja ya thanki ya madzi pasukulu ya mkaka ku Chigwirizano. Pansi pake pazisewera ana. Ndiloleni ndionane ndi abwana anu."

Chitseko cha abwana chinali pomwepo, kumbuyo kwake. Koma pawindo anaona Godwin akumuyang'ana, chala chili pakamwa.

"Abwana achokapo," ananama. "Chidutswa chimenechi changoipa chokha. Enawo ndinawayeza ndekha, ndi olimba. Pitani mukamange."

A Masiye anatola chidutswa chawo chija. "Paja ndinu mwana wa a Gwanda a ku Nsungwi? Basi, ndakhulupirira mawu anu."

Atachoka, Chisankho anathamangira kwa Godwin. "Tiwasinthire mapaipi aja. Ndi a nsanja ya thanki pasukulu ya ana, aise!"

"Ukawasinthira abwana afunsa chifukwa, ndiye tonse tikalowa m'ndende. Thanki yake iti? Mwina sidzadzaza n'komwe."

Sabata imeneyo Chisankho sankadya. Kawiri konse anakwera minibasi kuti akawachenjeze a Masiye, koma kawiri konseko anatsikira panjira n'kulowa m'bala.

Loweruka nsanja inatha, thanki anaikweza. Mwayi wake ana kunalibe. A Masiye anakwera pamwamba kukalimbitsa paipi yolowetsa madzi, thanki ili pafupi kudzaza. Mwendo umodzi wa nsanja unapindika, kenaka zonse zinagwa. Anthu anawasolola pansi pa zitsulo ali chikomokere. Kuchipatala moyo wawo unapulumuka, koma mwendo wakumanja anaudula.

Lolemba m'mawa apolisi anafika ku Kanengo ndi zidutswa za mapaipi. Atakanda penti pa mapaipi otsala m'nyumba ya katundu, dzimbiri linaonekera poyera. Godwin anali atathawa kale, ena amati analowera ku Mozambique. Chisankho anamumanga unyolo antchito anzake akuona.

Kukhoti a Masiye anabwera pandodo, buluku atalipinda ndi pini pabondo. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinamuuza mnyamatayu kuti pansi pake pazisewera ana. Anandiyankha kuti anayeza yekha."

Chisankho anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi.

Bambo ake anakamuona kundende ya Maula. Anali ataonda, ndipo udindo wa kumpingo anali atautula okha chifukwa cha manyazi. Chisankho anagwada akulira.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndinkadziwa zonse."

"Ine ndakukhululukira, ndipo Mulungu sakana wolapa," anatero a Gwanda. "Koma a Masiye ali ndi ana asanu, ndipo sadzakweranso nsanja. Ukadzatuluka, usadzayambire kwathu. Udzayambire ku Kawale, ukagwade pamaso pawo."

Achinyamata, chenjerani ndi mnzanu wokugulirani mowa kuti mutseke pakamwa. Kuba kumayamba ndi dzanja la wina, koma bodza lobisa kubako limatuluka m'kamwa mwanu, ndipo amene limamupweteka ndi munthu wosalakwa amene anakukhulupirirani. Mukapatsidwa udindo womva madandaulo a anthu, nenani zoona nthawi ikadalipo. Kulapa kumachotsa tchimo, koma sikubwezera mwendo wodulidwa.