Mpando Wofunda wa Lachinayi

Lachinayi limenelo Justina anabwerako msanga ku sukulu ya kwacha. Aphunzitsi anadwala, ndipo pachitseko cha kalasi panamatidwa pepala. Analiwerenga yekha, chilembo ndi chilembo, mpaka anamva kuti lero kulibe maphunziro. Anakwera basi yobwerera ku Tyrrelstown, dera limene ankakhala m'dziko lozizira la azungu, akumwetulira. Chaka chatha pepala lotere likanamuimitsa panja mpaka wina adzamuuze.

Kunyumba kunalibe munthu. Mwamuna wake Norbert, woyendetsa takisi, anali ku Malawi kuperekeza maliro a Vera. Vera anali mtsikana wa ku Zomba, wophunzira payunivesite, amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndiye ankamuwerengera Justina makalata a kuchipatala ndi a kuntchito. Ndiyenso anamupezera sukuluyi. "Asisi, Lachinayi lililonse, seveni mpaka naini. Musamajombe," ankatero. Chibayo chinamutenga m'masiku asanu okha. Pamene anthu ankafunsana za woperekeza bokosi, Norbert anakweza dzanja funso lisanathe. Justina ananyadira kuti ali ndi mwamuna wachifundo.

Koma chifundocho m'galimoto sichinkalowamo. M'mawa uliwonse, faifi koloko, Norbert ankakamusiya Justina ku Blanchardstown kumene ankakolopa maofesi, ndipo mkangano unali womwewomwewo.

"Kukuzizira, a Norbert. Yatsaniko hita."

"Iwe, galimoto ya magetsi iyi. Hita imadya batire. Ukufuna ndikaime pamsewu waukulu wa M50 ndi makasitomala?"

"Si munkati ili ndi chinthu chija chosadya magetsi?"

"Heat pump. Imapulumutsa, koma si yaulere. Vala jekete."

Zaka ziwiri Justina anavala jekete, manja atawapana pakati pa maondo.

Atatsika basi madzulo aja, mdima unali utagwa kale. Chisanu chinali chitayeretsa magalimoto onse a mumsewu wawo. Onse, kupatula imodzi. Takisi ya Norbert inali pakhomo, chingwe cha tchaja chili chilowereni, magalasi ake akuda bii, opanda chisanu. Pansi pake madzi ankadontha.

Inkalira. Kulira kwa pansipansi, ngati firiji usiku.

Justina anaima. Kiyi anali m'chikwama chake. Foni imene Norbert ankayatsira hita ali patali inali ku Zomba, m'thumba la mwini wake. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Msewu unali zii.

Anayandikira. Galasi la kumanzere, mbali ya wokwera, linali ndi nthunzi m'kati. Osati lonse ayi. Kamalo kamodzi, kukula ngati chikhatho. Kankakula, kenako n'kuchepa. Kukula, kuchepa.

Justina sanali mkazi wodikira zinthu. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kukhala pansi.

Kutentha kunamumenya kumaso. Sanadziwe kuti galimoto iyi imatha kufunda chonchi. Munkanunkhira mafuta odzola a koko. Anatambasula dzanja kukhudza mpando wa kumanzere, mpando wake wa m'mawa uliwonse. Unali wofunda ngati wina wangodzukapo.

Sikirini ya pafupi ndi chiwongolero inali yoyaka. Norbert sankaibisa konse. Akanabisiranji? "Wa sukulu ya kwacha angamve chiyani apa?" ankaseka choncho. Justina anaika chala pansi pa mawu, monga amachitira m'kalasi. Oyamba anali aatali, koma anawazindikira msanga, chifukwa ndi amene ankalemba pamwamba pa tsamba sabata iliyonse. Thursday. Kenako 6:30. Kenako 28, mlingo wa kutentha. Pamapeto zilembo zinayi.

V. E. R. A.

Anawerenganso. Anawerenga kachitatu, kufuna kuti alakwitse. Sanalakwitse.

Hafu sikisi ndi nthawi imene iye ankatuluka kukakwera basi ya kusukulu. Musamajombe, asisi. Ndipo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi.

Anatulutsa foni. Norbert anayankha ndi mawu a munthu wotopa ndi maliro.

"Justina, kwagwanji? Kuno anthu akugona."

"Galimoto yanu ikufunda."

"Wati chiyani?"

"Twenty-eight. Lachinayi, hafu sikisi. Palembedwa Vera."

Kutali uko tambala wosokonezeka analira. Kenako Norbert anafunsa, motsitsa mawu:

"Wakuwerengera ndani?"

Sanafunse kuti Vera uti. Sanati ukunama. Justina anadula foni.

Anadina sikirini mwamphamvu mpaka hita inazima. Kulira kuja kunaleka. Anakhala mumdima akumva mtima wake wokha.

Ting. Ting. Ting.

Kabelu ka lamba. Kankalira pokhapokha munthu akakhala pampando osamanga lamba. Pasikirini, kanyali kofiira kankaloza mpando wa kumanzere.

Justina anatembenuka pang'onopang'ono. Panalibe munthu. Koma khushoni inali italowa m'kati, monga imachitira ikasenza thupi. Kulira kwa pansipansi kunayambiranso kokha. Nambala inakwera. 22. 25. 28. Ndipo pafupi ndi khutu lake lakumanzere wina anakhosomola. Kachifuwa kakang'ono, kouma, kaulemu. Anakadziwa. Anakamva masiku asanu aja kuchipatala, akumupukuta mwini wake milomo ndi thonje lonyowa.

Mantha anabwera, koma anapeza malo atatengedwa kale ndi mkwiyo.

"Vera," anatero. "Unkanditchula asisi."

Nthunzi pagalasi inakula, inachepa.

"Ine ndinkakusambitsa. Iweyo."

Zala za Justina zinayamba kuuma, ngakhale m'galimoto munali motentha. Kuzizira kunkakwera m'mkono, ngati chinachake chikuyamwa. Anatuluka, anamenyetsa chitseko, n'kulowa m'nyumba. Galimoto inalira mpaka naini koloko, kenako inaleka.

Norbert anabwera patatha masiku anayi. Anayamba ndi kukalipa, anatsiriza ndi kugwada. Justina anamusamutsira zovala m'chipinda chaching'ono. Norbert anafufuta dzina lija pasikirini, n'kupita ndi galimoto kwa Tarsizio, makaniko wa ku Ballymun amene Amalawi ndi Azambia onse amamudalira. Tarsizio anailumikiza pakompyuta tsiku lathunthu.

"Achimwene, palibe cholakwika apa," anatero. "Koma mvetsani. Heat pump sipanga kutentha. Ili ngati firiji yotembenuza. Imatenga kutentha kumene kuli, n'kukapereka kumene kukufunika. Ngati m'kati mukufunda, ndiye kuti penapake pakuzizira."

Lachinayi lotsatira, hafu sikisi, galimoto inayamba kulira. Dzina linali litabwerera.

Kuyambira pamenepo Norbert sanafundenso. Ankavala majuzi awiri m'nyumba. Ankakumbatira ketulo. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi hita mano akugundana, ndipo azimayi a kwaya ankagwedezana ndi zigongono. Mawu a Tarsizio anali atazungulira Tyrrelstown yonse. Ena ankati ndi malungo a ku Zomba. Ena ankanong'ona kuti mtsikana uja anaikidwa m'dothi lotentha la kwawo, koma kuzizira kwa kuno sikunamuchoke, ndipo akudziwa amene anamuzoloweza twenty-eight.

Justina anapitiriza kupita kusukulu, anayamba kulemba ziganizo. Kuntchito ankapita pabasi.

Lachisanu lina, kusanache, anatuluka ndi chikwama chake. Galimoto inali ikulirabe, ngakhale naini koloko inali itadutsa kalekale. Galasi la kumanzere linkayenderera madzi. La kumanja linali loyera ndi chisanu, ndipo chisanucho chinali cha m'kati.

Galasi la kumanjalo linatsika pang'ono. Norbert anali pampando wa dalaivala, atavala malaya ogonera okha. Milomo yake inali yotuwa. Dzanja lake lamanzere linali litatambasukira kumpando wopanda munthu uja, chikhatho chili m'mwamba, ngati wina waligwira. Ankalikoka, koma silinkabwera.

"Justina," anatero, mawu akunjenjemera. "Amayi. Chonde. Ndikuzizidwa."

Ting. Ting. Ting.

Justina anayang'ana mwamuna wake. Anayang'ana mpando umene anazizidwirapo zaka ziwiri. Kumtunda kwa msewu magetsi a basi anaonekera, ndipo anawerenga yekha kumene ikupita.

"Valani jekete," anatero.

Anakoka zipi yake mpaka pakhosi, n'kuthamangira basi.