Kadontho Kuseri kwa Khutu

Wansidze anali ndi dzanja labwino, koma makasitomala analibe. Dzinali anamupatsa anthu a mumsewu wawo chifukwa cha ntchito yake yojambula nsidze ndi milomo ya azimayi ndi singano ndi inki, zosachoka ngakhale munthu asambe kangati. Kachipinda kake kanali pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Munali mpando umodzi wong'ambika, galasi losweka pakona ndi kamakina kolira ngati udzudzu. Tsiku lonse ankangopukuta fumbi pamabotolo, kenako n'kukhala pakhomo, maso ali kutsidya kwa msewu.

Kutsidyako kunali saluni ya mnzake amene anaphunzira naye ntchito. Iyeyo anali atawonjezera timatatuu, tizithunzi ting'onoting'ono ta pakhungu: kanyenyezi padzanja, kaduwa paphewa, kamzere kamodzi pachala. Atsikana ankachita kulimbirana mipando. Wansidze analembanso chikwangwani chake cha timatatuu, koma chinangozilala ndi dzuwa. Nsanje inamudya mayiyu, mpaka moni wa mnzakeyo ankaumva ngati chipongwe.

Kunyumba ankakhala ndi amayi ake, munthu wanthabwala. Pamene Wansidze ankaphunzira ntchito, panalibe wolola kuyeseredwa, ndiye amayiwo anapereka nkhope yawo. Nsidze yakumanzere inakwera kuposa inzake, moti ankaoneka ngati akufunsa funso nthawi zonse.

"Usadandaule, mwanawe," ankatero. "Wandipatsa nkhope ya woweruza milandu. Ngakhale agalu akundipatsa ulemu masiku ano."

Tsiku lina masana, Wansidze anatseka kachipinda kake n'kupita kwa sing'anga wina amene anthu ankamutchula monong'ona. Anamupeza m'chipinda choyera bwino, pamwamba pa sitolo ya utoto, atavala malaya osita. Bamboyo sanafunse n'komwe chimene wadzera. Anangotulutsa kathumba ka ufa wakuda n'kukaika patebulo.

"Muzitsina pang'ono n'kuthira m'botolo lililonse la inki," anatero. "Amene mwamujambula sadzakuiwalani. Adzabweranso, adzakokanso anzake."

"Nanga ine ndipereke chiyani?"

"Pantchito yanuyo, musanajambule munthu mumayamba mwatani?"

"Timaika kadontho kuseri kwa khutu, kuona ngati inkiyo ikuyanjana ndi khungu lake."

"Basitu. Mukatsegula botolo latsopano, kadontho koyamba kazipita kuseri kwa khutu la munthu amene amakudziwani kuposa wina aliyense. Magazi ayi, maliro ayi. Ine si wa zimenezo."

"Ndiye chimuchitikire n'chiyani munthuyo?"

Sing'angayo anamwetulira. "Kuti anthu ambiri azikukumbukirani, kukumbukirako kuyenera kuchokera penapake, mayi. Tizitapa pang'onopang'ono. Okalamba amaiwala kale, adabwe ndani?"

Wansidze anali asanatchule za munthu wokalamba aliyense. Apa m'pamene akanayenera kunyamuka n'kuthawa. Koma anakumbukira mzere wa atsikana kutsidya kuja, ndipo anatenga kathumbako.

"Amayi, ndiyeseko inki iyi pa inu," anatero atafika kunyumba.

Amayiwo anapendeketsa mutu okha. "Yesa, bola usandikwezenso khutu."

Sabata isanathe, mpando wong'ambika uja unayamba kutentha. Mtsikana wojambulidwa kambalame padzanja anabweranso ndi azakhali ake komanso anzake akuntchito. Amene wabwera kudzakonza nsidze ankatuluka ndi kamwezi pakhosi, mawa lake n'kubwerera kudzafuna kanyenyezi. Chaka chisanathe Wansidze anali atasamutsira ntchito yake m'nyumba yaikulu ya magalasi okhaokha mumsewu womwewo, yokhala ndi mipando yachikopa ndi antchito ovala zofanana. Saluni ya kutsidya ija inatsekedwa. Amayi ake anawagulira bedi lofewa ndi mpando wapawindo, ndipo ankadziuza kuti zonsezi akuchitira iwowo.

Kadontho koyamba kanangotenga zazing'ono. Amayiwo anamuthirira shuga mu tiyi, pomwe ankadziwa kuyambira kale kuti mwana wawo samwa shuga. Kachiwiri kanatenga kanyimbo kamene ankamuimbira akamamuluka tsitsi. Kachitatu kataikidwa, amayiwo anagwira chipsera cha pachibwano pa mwana wawoyo n'kufunsa kuti anavulala liti, chonsecho ndi iwo amene anathamanga naye kuchipatala tsiku limene anagwa pamasitepe. Wansidze ankangoseka nawo ngati palibe kanthu.

Mmawa wina anawapeza ataima pagalasi, akusisita nsidze yakumanzere ija.

"Kodi anandiwononga nkhope chonchi ndani?" anafunsa, osaseka ngakhale pang'ono. "Munthu wake analibe chisoni."

Tsiku limenelo Wansidze analumbira kuti basi. Anatsegula botolo latsopano osathiramo ufa, osaikanso kadontho. Masiku atatu okha, mipando inazizira. Makasitomala ake enieni, ena ali ndi kaduwa kake padzanja, ankamudutsa mumsewu ngati sanamuonepo. Wansidze anathamangira kwa sing'anga uja n'kugwada pansi.

"Abwezereni amayi anga zimene mwatenga."

"Ndatenga ine?" anatero sing'angayo, akuwongola kolala ya malaya. "Singano munagwira ndinu. Ndipo mukudziwa bwino kuposa ine kuti cholowa pansi pa khungu sichichoka. Mukhoza kusiyira pomwepa, akhala ndi zimene zatsalazo. Kapena tsegulani botolo lina. Zili kwa inu."

Akanasiya, amayi ake akanamwalira akumudziwa. Zimenezi Wansidze ankazidziwa bwino lomwe, ndipo n'zimene zimapweteka m'nkhaniyi. Anapirira milungu iwiri m'saluni yopanda anthu. Kenako anaona mnzake wakale uja akupenta chitseko, akufuna kutsegulanso. Madzulo omwewo anapita kunyumba ndi botolo m'chikwama.

"Komaliza, amayi," anatero.

"Chitani, mayi," anayankha iwo mwaulemu, n'kupendeketsa mutu.

Mmawa mwake atawapititsira tiyi, amayiwo anakweza nsidze ija n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera kudzafuna ndani?"

Wansidze anayesa zonse. Anawaonetsa zithunzi, anawaimbira kanyimbo kaja, anawagwiritsa chipsera. Pomaliza anatenga kamakina ndi inki wamba n'kudzilemba padzanja timawu tiwiri: mwana wanu. Anatambasula dzanjalo pamaso pawo. Amayiwo anawerenga pang'onopang'ono, maso awo n'kuwala.

"Mwana wanga? Mukumudziwa? Chonde kamuuzeni abwere. Anangochoka osatsanzika."

Kuyambira pamenepo ankakhala pampando wapawindo uja, kudikira mwana amene anali m'chipinda momwemo. Anasiya nthabwala, kenako anasiya kudya. Saluni inadzazanso anthu, koma Wansidze sankapondako. Ankawasambitsa, kuwapesa ndi kuwamwetsa madzi ndi supuni, ndipo nthawi iliyonse akamapesa ankaona timadontho take titandandalikana kuseri kwa khutu.

Tsiku lomaliza, amayiwo anamugwira dzanja, pomwe panali timawu tija.

"Inu ndinu munthu wabwino," ananong'ona. "Mwandisamala ngati mayi wanu. Mwana wanga ndiye anandiiwala. Mukadzamuona, musamukalipire."

Anamwalira maso ali pawindo.

Maliro atatha, antchito anabwera kudzanena kuti inki yatha ndipo anthu akudikira pakhomo. Wansidze anapita, anatsegula botolo, anathira ufa. Kenako anaima, singano ili m'manja. Padziko lonse munthu womudziwa kuposa wina aliyense anali atatsala mmodzi, ndiye iye mwini. Anakhala pagalasi n'kupinda khutu lake. Sanaike kadontho kamodzi ayi. Anaika, anaikanso, akulira, mpaka antchito anachita kumulanda kamakinako.

Nyumba ya magalasi ija lero mukugulitsidwa matayala. Wansidze amayendayenda mumsewu womwewo ndi nsanza, akujambula tinyenyezi pamakoma ndi khala. Telala uja amamupatsako chakudya. Akakumana ndi munthu, amamuonetsa timawu ta padzanja paja n'kufunsa mwaulemu, "Pepani, ndine mwana wa ndani?" Ambiri mwa amene amawafunsawo ali ndi kaduwa kake paphewa, ndipo amamukumbukira bwino kwambiri. Iye yekha ndi amene sadzidziwa.

Inu amene mumasuzumira kutsidya kwa msewu mtima ukuwawa, dyera musalipatse mpando. Chuma cha mankhwala sichichokera kumwamba, chimatapidwa m'nyumba mwanu momwemo, kwa munthu amene amakukondani moti amapendeketsa mutu yekha osafunsa. Kuli bwino kukhala pampando wong'ambika, madzulo n'kubwerera kwa munthu amene akukudziwani.