Amene Anakankha Njinga ya Jajang

Kodi mukuganiza kuti ndani angaime usiku pamsewu wa kumanda kuti athandize munthu amene gulu lake lomwe lamutaya?

Jajang anachoka mochedwa kugalaja ya Mileme, gulu la njinga zamoto limene linkalimbirana misewu ya mumzinda wa Garut ndi gulu la Zinkhanira. Usiku umenewo anali atavula jekete lakuda la gululo n'kuliika pamapazi a mtsogoleri wawo, Oding. Mkazi wake, Imas, anali woyembekezera, ndipo anali atatopa kuchapa zovala zamagazi.

"Pita bwino, mphwanga," anatero Oding akuseka. "Ukatiperekere moni kwa alamu. Koma kunjaku kwazizira, wopanda jekete iwe!"

Anzake onse anaseka. Palibe anamugwira chanza.

Atadutsa minda ya mpunga, injini inatsokomola n'kuzima. Anagwedeza thanki. Inali youma, wina anali atamupopera petulo. Jajang anamvetsa. Wovala jekete amaopa Zinkhanira zokha, koma wovula amaopa onse.

Anayamba kukankha njingayo wapansi. Ogulitsa petulo wa m'mabotolo anali atatseka kalekale. Kumanzere kunali manda, maluwa oyera a m'mitengo yake ali mbwee panjira. Achule analeka kulira. Zii...

Kenaka fungo la ndudu. Pambali pake panali njinga ina. Sanaimve ikubwera.

"Kwera, aise, ndikukankhe," anatero mwini wakeyo. Anali atavala chisoti ndi malaya opyapyala, wopanda jekete.

Ndi mwambo wa pamsewu umenewo: njinga ya mnzako ikafa, umaponda pachopondera chake cha kumbuyo n'kumamukankha uli pa yako. Jajang anakwera. Phazi la mlendo linaponda. Chitsulo chonse chinazizira mpaka m'ntchafu!

Ananyamuka. Liwiro linali lalikulu, koma injini ya mlendoyo sinkalira.

"Nawenso wavula jekete?" anafunsa mlendoyo.

"Ee, achimwene. Ndikupita kwa mkazi wanga."

"Inenso ndikupita kwathu. Amayi andisungira mpunga. Ndine Enjang."

"Kwanu ndi kutali?"

"Pafupi. Kungowoloka mlatho. Koma mlathowo ndi wautali, aise... sindinauthebe."

Jajang anayang'ana pakalilole. Msewu wokhawokha. Anacheuka. Munthu ali pomwepo! Anafinya mabuleki. Sanagwire. Anayesa kutchula dzina la Mulungu. Silinatuluke.

Patsogolo nyali inayaka. Kenaka ina. Ndi inanso... Zinatseka mlatho wonse. Sanali a Zinkhanira ayi. Anali anzake omwe a Mileme, atadzera njira yachidule, zikwanje ndi maunyolo zili m'manja.

"Tibwerere, achimwene! Chonde!"

"Ine ndimadziwa njira imodzi yokha," anayankha mlendoyo mwachisoni. "Ndimayesa tikakhala awiri tiwoloka."

Phazi linachoka. Njinga inayenda yokha pang'onopang'ono n'kukaima pamaso pa Oding.

Oding sankasekanso. Ankayang'ana mumdima kumbuyo kwa Jajang, kumene kunalibe munthu.

"Iwe, njinga yopanda petulo yakwera bwanji chitunda chonsechi? Wakukankha ndani?"

"Enjang..."

Unyolo wa wina unagwa pansi. Akuluakulu a gululo anayang'anana. Jajang anaganiza kuti mantha awabalalitsa, kuti mwina kukacha adzamuona Imas. Koma mantha a anthu otere sabweza dzanja, amangolifulumizitsa. Anamuzungulira.

Amene anamukankha uja anali Enjang Sopandi. Iyenso anavulapo jekete la Mileme, ndipo anaphedwa pamlatho womwewo zaka zisanu m'mbuyomo, nyumba ya amayi ake ikuoneka kutsidya.